Chaka Chimene Ndinaponyera Abambo Mpira

Mipira yatsopano ija anaitulutsa m'katoni mwezi wa Januwale ili yoyera mbee, yosokedwa ndi ulusi wofiira, koma kuyera kwakeko sikunathe ngakhale sabata ziwiri. Inali nyengo yothyola fodya kwathu ku Kapelula, ndipo aliyense wa ife ankafika pabwalo la sukulu manja ali bii ndi utomoni wa masamba, utomoni uja wosamva sopo, umene umangochoka ukaupala ndi mchenga kapena phulusa. Mpira ukadutsa m'manja mwa ana khumi unkabwerera kwa mwini wake uli ndi zidindo za zala ponseponse, ukumata ngati chingamu, ukununkha chigafa. Mlendo amene anabwera nayo ankautola, n'kuununkhiza, n'kuyetsemula kawiri, ife n'kumagudubuzika ndi phwete. Mpaka lero ndikadutsa pafupi ndi lole yonyamula mabelo a fodya, fungo lija likandilowa m'mphuno, phewa langa lakumanja limayamba kunyerenyetsa lokha.

Mlendoyo anali mnyamata wa ku Japani, wamfupi, wamiyendo yolimba, amene anasiya kwawo n'kubwera mongodzipereka kudzaphunzitsa ana masewera otchedwa besibolo. Dzina lake lenileni linkatipinda lilime, ndiye poti mawu a Chichewa amene anayamba kuwadziwa anali akuti "changu, changu," tinangomutcha Achangu, ndipo iye ankavomera mosangalala. Anafika mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, atanyamula chikwama chachitali chodzaza ndi magolovesi achikopa, zibonga zomenyera mpira ndi zina zimene sitinkazidziwa ntchito yake. Asanaponde pabwalo ankavula chipewa n'kuweramira bwalolo ngati kuti muli apongozi ake, ndipo anyamata ankamutsanzira kumbuyo mpaka anazolowera okha n'kuyamba kuchita zenizeni. Masewerawo si ovuta kuwamva: wina aponya mpira, wina aumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi, ndipo kumbuyo kwa womenyayo kumanjuta munthu wowakha mipira imene yaphonyedwa. Pamalo anayi aja ife tinkaikapo matumba a feteleza odzaza mchenga. Kuyambira tsiku loyamba Achangu ankanena chinthu chimodzi mobwerezabwereza, kudzera mwa aphunzitsi athu a Nyirenda amene ankamasulira: iye sanabwere kudzakhala, teremu yachiwiri ikatha apita, ndipo ntchito yake yeniyeni inali kusiya akuluakulu a pamudzi pomwepo odziwa kuphunzitsa anawo. Ife zimenezo zinkalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Ine ndinali mtsikana wa Sitandade 6, ndipo ndivomere kuti ndinali mwana wovuta kukhala naye. Sindinkatha kukhala pansi mphindi zisanu. Amayi ankati ndimayendayenda ngati nkhuku yofuna poikira, ndipo akandituma kuchitsime ankadziwiratu kuti madziwo afika theka, ena atathera m'njira chifukwa chothamanga. Chimene ndinkadziwika nacho pasukulu ponse chinali fulaye, masewera aja a atsikana ogendana ndi mpira wa majumbo. Ndikagwira mpira ine, amene ali pakati ankayamba kupempherera msana wake. Achangu anandiona tsiku lina pa buleki ndikugenda mnzanga, anaima, anandikodola, n'kundipatsa mpira wake wolimba uja. Ananjuta patali, natambasula golovesi. Ndinaponya mmene ndinkaponyera masiku onse, ndipo mpira unalira kuti phaa m'chikopamo moti agalu a kunyumba za aphunzitsi anauwa. Anavula golovesiyo, anapemerera chikhato chake, n'kuseka mpaka maso kutsekeka. Kuyambira pamenepo ndinakhala woponya, ndipo anandiphunzitsa kugwira mpira podutsa ulusi, kukweza bondo, kuponda kutsogolo n'kutulutsa mphamvu kuchokera m'chiuno. Kenaka kunamveka nkhani yoti kumapeto kwa teremu, iye asanapite, timu yathu idzakwera lole kupita ku Kasungu Boma kukakumana ndi ana a sukulu ina, ndipo woponya wamkulu adzakhala mmodzi. Oponya tinalipo awiri, ine ndi mnyamata wina wamtali dzina lake Dalitso. Ine ku Boma ndinali ndisanapiteko chibadwire, ndipo malo amenewo ndinkawafuna ndi mtima wanga wonse.

Koma fodya sadziwa za mpira. Amene sanalimepo fodya sangamvetse kuti mbewu imeneyi ili ngati khanda, siilola kuti uyang'ane kumbali. Kukangocha tinkalowa m'munda mame ali thoo, kuthyola masamba a m'munsi amene ayamba chikasu, kuwasanjika pamkono mpaka mkono kuchita dzanzi, kuwatutira kuchigafa, kenaka kusamba mothamanga n'kupita kusukulu mutu ukuzungulira ndi fungo. Tikaweruka, ntchito inali kusoka: kukhala pamphasa pansi pa chigafa, singano yaitali m'manja, kuboola tsinde la tsamba lililonse n'kulowetsa chingwe, abambo ali m'mwamba kupachika pamikangala. Madontho a mvula ankadontha paudzu wa denga, nkhuku zinkabisala m'miyendo mwathu, ndipo amayi ankasoka mwakachetechete ngati makina. Ine maso anali padzuwa. Masewera ankayamba mthunzi wa mtengo wa mango ukafika pankhokwe, ndipo mthunzi umenewo unkayenda ngati wadwala. Ndinkadzuka kukamwa madzi ndilibe ludzu, kukathamangitsa mbuzi zimene sizinalakwe kanthu, kubwerera, kukhala, kudzukanso. "Kodi pamphasapo pali minga?" amayi ankafunsa osadzutsa n'komwe mutu. Ndikangomaliza mulu wanga, liwiro lake ndinkafika pabwalo mpweya uli pakhosi.

Abambo analowa m'nkhaniyi mwangozi. Tsiku lina ndinathawa ndisanamalize mulu wanga, ndipo iwo ananditsatira kusukulu ali ndi mkwiyo wawo wachete uja, kaswazi kali m'manja. Akungotulukira pabwalo, mnyamata wina anamenya mpira molakwika, ndipo unapita molunjika kumutu kwawo. Sanazinde. Anangotaya kaswazi, n'kuuwakha ndi manja awiri pafupi ndi khutu ngati akulandira papaya lakugwa mumtengo. Paunyamata wawo anali goloboyi wa timu ya m'mudzi, ndipo manja awo anali aakulu, olimba ngati chikopa cha ng'ombe. Achangu anathamanga, anawerama kangapo, anawagwira dzanja osafuna kulisiya, ndipo a Nyirenda anamasulira kuti mlendo akupempha kuti akhale mmodzi wa ophunzira uphunzitsi wa masewerawa. Abambo anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka pagulu, ndipo ndinkadziwa kuti akana. Sanakane. Kaswazi kaja kanatsala pomwepo paudzu, ndipo pobwerera kunyumba ankafunsa ine, mwana, kuti munthu akamenya mpira amathamangira mbali iti. Amayi atamva anaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti tsopano nyumba yapenga yonse. Akuluakulu amene anayamba maphunzirowo analipo asanu, koma ntchito ya fodya itafika pachimake anatsala awiri okha, a Nyirenda ophunzitsa kumenya, ndi abambo oyang'anira oponya.

Mavuto anga anayamba mu Febuluwale, tsiku limene Achangu anavula golovesi yake yaikulu yowakhira n'kuipereka kwa abambo. Anadziloza pachifuwa n'kunena m'Chichewa chake chodukaduka kuti iye ndi mlendo, apita, ndipo kuyambira tsopano oponya onse aziponyera aphunzitsi awo atsopano, chifukwa ku Boma iye adzangokhala pambali ngati woonerera. Abambo ananjuta pamalo paja, natambasula golovesi, nandiyang'ana. Ndinakweza bondo monga mwa masiku onse, ndinabweza mkono kumbuyo, ndipo pamenepo mkonowo unafa. Mpira unachoka m'manja mwanga mwaulemu, unakwera pang'ono, unagwa pansi usanafike, n'kugudubuzika mpaka kumapazi awo. Ana anaseka poganiza kuti ndikuchita nthabwala. Wachiwiri unachita chimodzimodzi, ndipo pa wachitatu ndinazindikira kuti bondo langa likupindika lokha ngati ndikufuna kugwada.

Ndinkadziwa chimene chinandigwira, ngakhale sindikanatha kuchitchula. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, abambo anandituma machesi ali pakhonde, ndipo ine ndi changu changa chija ndinaima pakhomo n'kuwaponyera kabokosiko. Sanandimenye. Anangokayang'ana pamene kanagwera, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati iwo anali galu, poti woponyeredwa chinthu ndi galu. Anandiuza kuti nditole, ndibwerere m'nyumba, ndituluke, ndigwade, ndipereke ndi manja awiri, ndipo ndinabwereza zimenezo kakhumi anzanga akuonerera pampanda. Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndisanawapatsepo kanthu nditaimirira, kaya ndi madzi, kaya ndi mpeni, kaya ndi kalata yochokera kusukulu. Achangu ndinkamugenda ndi mtima wonse chifukwa anali mlendo wodya ndi timitengo, wosadziwa za kwathu, ndipo kwa ine sankawerengedwa. Koma awa anali abambo anga. Mutu unkamva bwinobwino kuti awa ndi masewera, koma mkono unali ndi nzeru zakezake.

Sabata zitatu zimene zinatsatira sindidzaziiwala. Achangu anayamba ndi kundipinda phewa uku ndi uku kufuna pamene pakupweteka, ndipo sanapeze kanthu. Anaganiza kuti ndi njala, n'kuyamba kundibweretsera nthochi. Kenaka anatenganso golovesi yekha, ndipo mpira unalira phaa ngati kale. Anaibweza kwa abambo, mpira unagwa panjira. Anayesa kawiri, katatu, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha, chifukwa anaganiza chinthu choipa kuposa zonse: kuti ndikunyoza abambo anga, kuti ndikufuna kuonetsa anthu kuti mphunzitsi wakuda sindingamuponyere. Taonani zake! Ine wofa ndi ulemu, iye n'kumaona mwano. Anandikalipira koyamba, ndipo a Nyirenda anamasulira mofewetsa kuti wosewera wosalemekeza mphunzitsi wake sakwera lole. Anati Lachisanu la sabata yachitatu adzasankha, ndipo zikakhala chomwechi woponya adzakhala Dalitso. Dalitsoyo analibe vuto lililonse, poti abambo anga sanali abambo ake, ndipo ankawagenda mosangalala uku akundiyang'ana m'mbali. Ndinkafuna kumukwirira wamoyo.

Bwanji sindinafotokoze? Funso limenelo ndadzifunsa kambirimbiri. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri angaime bwanji pamaso pa mlendo, aphunzitsi ndi bambo ake omwe, n'kunena kuti vuto ndi mwambo umene bambowo anamuphunzitsa? Kukanakhala kuwaneneza. Zonse zinangothamangira m'miyendo ndi m'manja. Chakudya sichinkatsika. Kuchigafa ndinkasoka mokhotakhota, kung'amba masamba abwino, ndipo kawiri ndinadzibaya ndi singano pachikhato. Ndikapeza mpata ndinkathawira kuseri kwa munda kumene kunali chulu chachikulu, n'kumachigenda ndi zibuma ndi miyala mpaka chiswe kutuluka, ndikudziuza kuti chulucho ndi abambo, chavala malaya awo abuluu. Chulu ndinkachiphwanya ndithu. Koma madzulo ake pabwalo, ndikangoona maso awo pamwamba pa golovesi, zonse zinkasungunuka. Iwonso zinkawapweteka, ndinkaona, chifukwa ankaganiza kuti mwina akunjuta molakwika, mwina sakudziwa kuphunzitsa, ndipo ankafunsa Achangu mafunso ambirimbiri. Pobwerera kunyumba tinkayenda motalikirana, iwo patsogolo, ine pambuyo, chimanga cha m'mbali mwa njira chikutikwapula m'mapewa.

Amene anaona chinthucho anali amayi, amene sanapondepo pabwalo ngakhale tsiku limodzi. Lachinayi masana tili pansi pa chigafa, abambo ali m'mwamba, anandiitana kuti ndiwapatsire chingwe chimene chinagwa. Ndinachitola, ndinakwera pamtanda woyamba, wachiwiri, mpaka ndinafika pamene ndikanatha kuwapatsa m'manja, pamene munthu wina aliyense akanangochiponya m'mwamba. Nditatsika, amayi anaika singano pansi.

"Mwaona, bambo ake? Chingwe chokha wachita kukwera nacho. Ndiye inu mukudabwa za mpira? Munamuphunzitsa ndinu, ndipo anamva. Mwana wanga musamuvutitse."

M'mwambamo tinangomva mikangala ikulira, ntchito ikupitirira.

Lachisanu kunacha ndi mitambo yakuda kumadzulo, ndipo pofika nthawi ya masewera mphepo inali itayamba kuulutsa mapepala pabwalo. Ana anadzaza, ngakhale amene sankasewera, poti mbiri inali itamveka kuti lero ndi lero. Dalitso anaponya mipira yake khumi bwinobwino. Itafika nthawi yanga, abambo sanapite kukanjuta. Anapita pachikwama cha Achangu n'kutulutsa chigoba cha waya chimene wowakha amavala kumaso kuti mpira usamuphwanye mphuno. Chigobacho anali atachikana kuyambira pachiyambi, ankati munthu wamkulu sangavale khola la nkhunda kumutu. Anabwera nacho pamene ndinaima, anachivala ndikuona, namanga malamba ake kumbuyo, ndipo nkhope yawo inasowa kuseri kwa mawaya ndi zikopa zakuda. Anawerama pang'ono n'kundifunsa motsitsa, kuti ena asamve.

"Iwe, kwathu kuno, chovala kumaso chimakhala ndi mwana?"

Mwana aliyense wa ku Kasungu, wopemphera ndi wosapemphera yemwe, amadziwa kuti chimene chatulukira pabwalo chitabisa nkhope si munthu amene umamudziwa, sichikhala ndi dzina, sichikhala ndi m'bale, ndipo sufunsa. Koma kuti mawu amenewo atuluke m'kamwa mwa abambo anga, mkulu wa mpingo amene ankatitsekera m'nyumba ng'oma za gule zikamveka, ndinadziwa kuti alipira mtengo waukulu. Sanadikire yankho. Anatembenuka n'kupita kumalo kwawo, osati ndi mayendedwe awo aulemu aja, koma monyang'wa, akutsimphina mwadala, akugwedeza mapewa, moti ana aang'ono anakuwa n'kuthawira kumbuyo kwa a Nyirenda. Atanjuta anamenya golovesi ndi chibakera, n'kuyamba kulankhula ndi mawu ena, aang'ono, a m'mphuno, amene sindinawamvepo chibadwire.

Mpira woyamba unafika, koma mofooka. Chinthu chija chinautola ndi zala ziwiri ngati chatola mbewa yakufa, n'kuuonetsa kwa anthu. Chinayamba kundinyoza pagulu, kuti dzanja langa ndi la phala, kuti ndibwerere ndikasewere zawana, kuti ngakhale nkhuku yachitopa imaponda mwamphamvu kuposa pamenepa. Bwalo lonse linafa ndi kuseka, Dalitso mpaka kukhala pansi. Wachiwiri unapita mwamphamvu pang'ono. Chinthucho chinayasamula mokweza, n'kunena kuti chigona kaye, ndichidzutse mpira ukafika. Apo ndiye magazi anandithamangira kumutu. Ndinaiwala Boma, ndinaiwala lole, ndinaiwala Achangu. Ndinangoona chinthu chamwano chimene chinkandichititsa manyazi pamaso pa sukulu yonse, ndipo ndinafuna kuchitseka pakamwa. Ndinakweza bondo mpaka pachifuwa, ndinaponda, ndipo mkwiyo wonse wa sabata zitatu unatuluka ndi mpirawo.

Achangu anali atawauza abambo kambirimbiri kuti wowakha amalandira ndi golovesi yokha, dzanja linalo amalibisa kumbuyo. Koma mpira umenewo iwo anaulandira ndi manja awiri. Kaya unali ugoloboyi wakale umene unawabwerera, kaya anachita dala, sindinadziwe ndipo sindidzadziwa. Sikunamveke phaa uja. Kunamveka kaphokoso kouma, ngati munthu wathyola phesi la chimanga, ndipo mpira unagwera pambali. Kuseka konse kunaduka. Ndinaona chala chawo cholozera cha kudzanja lamanja chitaloza kumene chala sichiloza. Achangu anathamanga akukuwa m'chinenero chakwawo, koma chinthu chija chinamuletsa ndi golovesi, chinabisa dzanja lovulalalo kumbuyo, n'kukuwa ndi mawu a m'mphuno omwe aja kuti, "Wina!" Ndinaponya ndikulira. Ndinaponya mipira isanu ndi iwiri yotsala, misozi ikutsika, mamina ali pamlomo, ndipo uliwonse unalira m'golovesi mpaka kumveka kunyumba za aphunzitsi. Pa womaliza mvula inayamba, madontho akuluakulu, ndipo a Nyirenda anali atayandikira kwa Achangu akumufotokozera chinachake motsitsa. Mlendoyo anamvetsera, anandiyang'ana, anayang'ana abambo, kenaka anavula chipewa mvula ikumunyowetsa, n'kuwaweramira nthawi yaitali kuposa mmene ankaweramira bwalo.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anachikoka chalacho n'kuchimanga ndi kathabwa, koma fupa linali litasweka pamfundo. Tangoganizani, chala cholozera cha kumanja, pakati pa nyengo yosoka fodya! Amayi anayaka moto masiku atatu. Anakalipira abambo, anakalipira ine, anakalipira dziko la Japani lonse ndi mipira yake, koma ntchito inagwera ife awiri, ndipo masamba ena anapsereratu m'munda osathyoledwa, n'kuwolera pansi tikuona. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakhala pamphasa osadzukadzuka, kusoka mpaka msana kuuma, chifukwa tsamba lililonse lotayika ndinkaliona ngati mlandu wanga. Madzulo a tsiku lachiwiri ndinawapititsira abambo madzi osamba m'manja, ndinagwada, ndipo ndisanadzuke ndinayamba kupepesa. Anandidula ndi dzanja lomangidwa lija.

"Ukupepesa yani? Ine kunalibeko."

Ananena nkhope ili gwaa, ngati akuwerenga chilengezo kutchalitchi, ndipo nkhaniyo sanalole kuti ibwerenso m'nyumba mwathu.

Ku Boma ndinapita. Tinakwera lole ya munthu wina wogula mbewu, titakhala pamatumba, ndipo ndinaona nyumba zosanja ndi magalimoto ambiri kuposa amene ndinkadziwa kuwerenga. Abambo anayang'anira timu dzanja lili m'nsalu, ndipo kumbuyo kwa womenya kunanjuta Dalitso, amene ndinamugenda ndi chimwemwe chonse. Tinaluza, ndisakunamizeni, ndipo tinaluza kwambiri, koma ana atatu a m'tauni anamenya mphepo yokhayokha pa mipira yanga, ndipo zimenezo zinandikwanira. Patapita sabata Achangu ananyamuka, chikwama chachitali chija atachisiya m'manja mwa abambo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo anakamukadi, sitinamuonenso. Abambo anaphunzitsa ana zaka zinayi zotsatira. Mipira itang'ambika ankaisoka ndi singano ya fodya, itatheratu ankakulunga ina ndi mphira wa matayala ndi nsanza, zibonga zitathyoka anasema zina za mtengo wa bulugama. Kenaka a Nyirenda anasamutsidwa, maondo a abambo anayamba kukana kunjuta, ndipo masewerawo anazilala pang'onopang'ono osatsanzika. Lero pabwalo paja anamangapo makalasi awiri, ndipo ana a kumeneko ukawatchulira besibolo amaganiza kuti ndi dzina la mankhwala.

Ndikaganiza za nyengo imeneyo sindidziwa kuti ndiimire mbali iti. Ulemu umene anandiphunzitsa sindinautaye, ana anga nawonso saponyera munthu wamkulu chinthu, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma ndinaona ndi maso anga kuti ulemu womwewo ukhoza kumanga mwana mkono, ndipo womasula amayenera kukhala yemwe anamanga, pena mpaka kudzichotsa yekha ulemu wake pagulu. Achangu anabwera kudzaphunzitsa abambo kugwira golovesi, ndipo anawaphunzitsadi, koma chimene chinawapanga mphunzitsi sanachitenge m'chikwama cha mlendo.

Chala chija sichinawongoke. Chinapola chili chokhota, chouma pamfundo, ndipo singano ya fodya ankaigwira ndi chala chapakati mpaka ukalamba wawo. Ankati akaloza nyimbo m'buku kutchalitchi, chalacho chinkaloza mzere wina. M'nyumba sankachitchula, koma ndinadzamva kwa anthu, nditakula kale, kuti kumsika, kumaliro, ngakhale pamzere wogulitsa fodya, ankachitukula kwa aliyense wofuna kuona n'kunena kuti ichi anachita ndi mwana wanga wamkazi. Atadwala matenda awo omaliza ndinkakhala pambali pa bedi nditagwira dzanja limenelo, ndikusisita mfundo youma ija ndi chala changa, ndipo iwo ankangomwetulira maso ali chitsekere. M'moyo wanga ndinawapatsa abambo zinthu zambiri, malata a nyumba, jekete, wailesi, zidzukulu, zonsezo nditagwada ndi manja awiri, ndipo zonse anazisiya pano. Chimene anapita nacho kumanda ndi chokhacho chimene ndinawapatsa nditaimirira.